Mawu asowa ndipo sikirini ikuthimathima nditaika graphics card

Wofunsa:
Akuluakulu nonse a pagulu pano, ndikupempha thandizo pa kompyuta yanga ya padesiki, yomwe ili ndi Windows 10. Posachedwapa ndinaikamo graphics card (khadi lotumiza chithunzi ku monita) chifukwa cha ntchito yokonza mavidiyo, ndipo pa monita yomwe ndakhala nayo kuyambira kale ndinachotsa waya wa VGA n'kuikapo wa HDMI. Kuchokera tsiku limenelo masipika sakutulutsa mawu ngakhale pang'ono, chonsecho kachizindikiro ka voliyumu kakuonetsa kuti zonse zili bwino, ndipo ndikaika nyimbo kamzere kobiriwira kamakwera ndi kutsika ngati mawu akutuluka. Vuto lachiwiri ndi lakuti sikirini imada mwadzidzidzi kwa kanthawi kochepa kenako chithunzi n'kubwerera chokha, ndipo zimenezi zimachitika ngakhale pamene ndikungolemba kalata. Kodi khadi limene ndagulali ndi lowonongeka, kapena awa ndi mavuto awiri osiyana amene angopezana?

Wophunzira:
Achimwene, ine ndikuona kuti njira yachidule ndi kusunga mafayilo anu pena n'kuikamo Windows watsopano. Madalaivala (mapulogalamu oyendetsa zipangizo za mu kompyuta) akale ndi atsopano akasokonezana, kufufuza kuti wolakwa ndi uti kumatenga nthawi yaitali kuposa kungoyambiranso.

Wokonza makompyuta:
Ndikupempha kuti musathamangire kumeneko, chifukwa ngati vuto lili pa waya kapena pa zimene zasankhidwa m'makonzedwe a mawu, Windows watsopanoyo adzachitanso chimodzimodzi, inu mutataya kale mapulogalamu anu onse. Tiyambe ndi mawu, poti yankho lake likuoneka kale m'zimene mwafotokoza. Waya wa VGA, umene IBM inabweretsa mu 1987, umanyamula chithunzi chokha. Waya wa HDMI umanyamula chithunzi ndi mawu pamodzi, choncho mutangoulumikiza, Windows anaona monita yanu ngati chipangizo chatsopano chotulutsira mawu ndipo n'kutheka kuti anayamba kutumiza mawu onse kumeneko. Mamonita ambiri amavomera kulandira mawu kudzera pa HDMI ngakhale alibe masipika m'kati mwake, ena chifukwa chakuti ali ndi kabowo ka mahedifoni kumbuyo. Kamzere kobiriwira kaja sikakunama, mawu akutulukadi, koma akupita kumene kulibe chowatulutsa.

Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani mmsys.cpl, ndipo pa tsamba la Playback muone chipangizo chimene chili ndi kachizindikiro kobiriwira. Ngati ndi dzina la monita, sankhani Speakers n'kudina Set Default. Ngati Speakers sakuoneka pamndandandawo, dinani kumanja kwa mbewa pamalo opanda kanthu n'kusankha Show Disabled Devices. Mukachita zimenezi mutiuze, musanasinthe china chilichonse.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri bambo, zinalidi choncho. Monita ndiyo inali ndi kachizindikiro kaja, ndipo nditasankha Speakers mawu abwerera. Koma ndaona chinthu china chodabwitsa: nthawi iliyonse sikirini ikada, nyimbo nayonso imadukiza pang'ono, ndipo ulendo wina chithunzi chitabwerera mawu anasowanso mpaka ndinakasankhanso Speakers. Komanso bowo la mahedifoni la kutsogolo kwa kompyuta silikugwira ntchito, pomwe la kumbuyo likugwira.

Wojambula mawu:
Chimene mwaonachi n'chofunika kwambiri, chifukwa chikusonyeza kuti mavuto anu awiriwa ali pa chingwe chimodzi. Pamene sikirini yada, Windows akuona ngati monita yazulidwa, ndipo pamene chithunzi chabwerera akuona ngati mwalumikiza chipangizo chatsopano cha mawu, choncho amakonzanso mndandanda wa zotulutsira mawu, n'chifukwa chake nyimbo ikudukiza. Popeza monita yanu ilibe masipika, bwererani pa tsamba la Playback lija, dinani kumanja pa dzina la monita n'kusankha Disable. Mukatero Windows sadzakhalanso ndi mpata wotumiza mawu kumeneko. Kutero sikuchiza kuthimathima kwa sikirini, koma kuteteza mawu anu pamene tikufufuza gwero lake.

Wophunzira:
Pepani kulowerera, koma ndikufuna kumvetsa. Ngati madalaivala a mawu ndi a Realtek, amene ali pa motherboard (bolodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta), zikutheka bwanji kuti graphics card ikhudze mawu?

Wojambula mawu:
Funso labwino, achimwene. Mu kompyuta yotere muli zipangizo ziwiri za mawu zosadalirana. Choyamba ndi kachipangizo ka pa motherboard, kamene nthawi zambiri kamakhala ka Realtek, ndipo kamatumiza mawu ku mabowo a mamilimita 3.5 aja: lobiriwira la masipika, lapinki la maikolofoni ndi labuluu lolandirira mawu ochokera ku chipangizo china. Chachiwiri chili pa graphics card penipeni, ndipo ndicho chimasakaniza mawu ndi chithunzi kuti ziyendere limodzi pa HDMI kapena pa DisplayPort. Mukatsegula Device Manager n'kuyang'ana pansi pa Sound, video and game controllers mudzaona zonse ziwiri. Dalaivala wa chachiwiricho amabwera pamodzi ndi dalaivala wa zithunzi, ndipo n'chifukwa chake munthu amene akufuna kumvera mawu pa wailesi yakanema kudzera pa HDMI sapindula kanthu poikanso dalaivala wa Realtek, ngakhale atabwereza kangati.

Wokonza makompyuta:
Tsopano tibwere ku sikirini. Zinthu zimene zimachititsa kuti chithunzi chisowe kwa kanthawi n'kubwerera zilipo zingapo, ndipo nzeru ndi kuzisiyanitsa musanagule kalikonse. Mbali imodzi ndi ya mapulogalamu. Windows ali ndi njira yotchedwa Timeout Detection and Recovery: graphics card ikapanda kuyankha kwa masekondi 2, Windows amayambitsanso dalaivala wake, sikirini imada pang'ono, ndipo nthawi zina pamabwera uthenga wakuti Display driver stopped responding and has recovered. Zikachitika choncho pamatsala umboni. Tsegulani Event Viewer, pitani pa Windows Logs kenako System, ndipo muyang'ane chenjezo lochokera ku Display lokhala ndi nambala 4101 pa nthawi imene sikirini inada. Mukalipeza, ndiye kuti tiyang'ane dalaivala, kutentha kwa khadi kapena mphamvu ya magetsi. Mukapanda kulipeza, maso athu apite pa waya, pa mabowo ndi pa monita.

Ndifunsenso izi: kodi pamene sikirini yada, monita imalemba mawu akuti No Signal, kapena kanyale kake kamasintha mtundu, kapena imathimiratu ngati yazulidwa ku magetsi? Nanga khadi lanu lili ndi bowo lake la magetsi la mapini 6 kapena 8, ndipo mwalilumikiza bwanji? Ndikufunsa chifukwa malo a PCI Express a pa motherboard, pamene khadi limalowa, amapereka mawati osapitirira 75, waya wa mapini 6 umawonjezera 75 ndipo wa mapini 8 umawonjezera 150. Khadi lofuna mphamvu zambiri likaikidwa pa power supply (chipangizo chogawa magetsi mu kompyuta) yaing'ono kapena yokalamba, limatha kugwira ntchito bwinobwino pamene palibe chochita chachikulu, koma n'kugonja pamene vidiyo yayamba kukonzedwa.

Wofunsa:
Ndayang'ana mu Event Viewer ndipo nambala 4101 palibe paliponse. Khadilo lilibe bowo la magetsi, limangodalira motherboard. Sikirini ikada, kanyale ka monita kamasintha kuchoka ku buluu kupita ku chikasu, ndipo nthawi zina mawu akuti No Signal amaonekera mwachangu chithunzi chisanabwerere. Sizikudalira kukula kwa ntchito, chifukwa dzulo ndinakonza vidiyo yaitali popanda vuto, koma zinachitika pambuyo pake ndikungowerenga nkhani.

Mphunzitsi wa zamakompyuta:
Ndakhala ndikutsatira mwakachetechete, ndipo yankho lanu latsopanoli lachepetsa kwambiri malo ofufuza. Vuto la magetsi kapena la kutentha limakonda kubwera pamene khadi lili pa ntchito yolemetsa, osati pamene likupuma. Monita kulemba No Signal ndiye kuti yokha ili moyo ndipo ikudandaula kuti chimene imalandira chaduka. Apa m'pamene anthu ambiri amasokonezeka ndi kusiyana kwa VGA ndi HDMI. Waya wa VGA ukakhala wofooka, chithunzi chimaonekabe koma chimakhala ndi mithunzi, timizere kapena mtundu wolakwika. Waya wa HDMI umanyamula manambala, ndipo monita ikalephera kuwawerenga bwino, mwina mumaona timadontho tothwanima, mwina chithunzi chimasoweratu mpaka zipangizo ziwirizo zitagwirizananso. Kugwirizananso kumeneko ndiko kumatenga kanthawi kamene mukuona sikirini ili bii.

Yesani motere, chimodzi chimodzi. Poyamba gwirani waya pafupi ndi mutu wake, kumbuyo kwa kompyuta ndiponso kumbuyo kwa monita, n'kuugwedeza pang'ono chithunzi chili poyera. Onaninso ngati mutu wa waya ukulowa mpaka kumapeto, chifukwa pa makompyuta ena chitsulo cha kumbuyo kwa bokosi chimatchinga pulasitiki ya mutuwo moti umalowa theka lokha, makamaka ngati khadi silinakhale mowongoka pomangidwa. Kenako bwerekani waya wina wa HDMI, makamaka waufupi. Ngati khadi lili ndi bowo lina, la DisplayPort kapena DVI, ndipo monita ili nalonso, yesaninso pamenepo. Chonde musasinthe waya ndi dalaivala pa nthawi imodzi, chifukwa vuto likatha simudzadziwa chimene chalithetsa, ndipo likadzabweranso mudzayambira pachiyambi.

Wophunzira:
Komabe mayi, sindikuona kuipa kwake koikiratu dalaivala watsopano. Ine ndimadziwa kuti pali pulogalamu yotchedwa Display Driver Uninstaller imene imachotseratu zotsalira zonse za madalaivala akale.

Mphunzitsi wa zamakompyuta:
Pulogalamu imeneyo ndi yothandizadi, makamaka pamene munthu wachotsa khadi la kampani ina n'kuika la kampani ina, ndipo imagwira bwino ntchito mu Safe Mode, njira yoyatsira Windows ndi madalaivala ofunikira okha. Sindikuikana, ndikungoti nthawi yake sinakwane. Umboni umene tili nawo ukuloza ku waya, ndipo kuyesa waya sikusintha kanthu m'kati mwa Windows. Pali njira ina yosavuta yosiyanitsira mbali ziwirizi imene ndimaphunzitsa ophunzira anga: yatsani kompyuta, lowani mu BIOS (pulogalamu ya pa motherboard imene imayamba Windows asanayambe) podina Delete kapena F2 malinga ndi motherboard yanu, ndipo muisiye pamenepo kwa nthawi ndithu mukuyang'ana. Mu BIOS Windows sanayambe ndipo dalaivala wake sakugwira ntchito. Sikirini ikada muli mmenemo, dalaivala alibe mlandu. Ikapanda kuda, si umboni wokwanira wakuti waya ali bwino, chifukwa BIOS kawirikawiri imatumiza chithunzi chopepuka chimene ngakhale waya wofooka amatha kunyamula, koma mwapezabe poyambira.

Membala watsopano:
Pepani akuluakulu, ndiloleni ndiikepo langa pomwepa poti likufanana. Kompyuta yanga ikayatsidwa mafani amazungulira, nyale zimayaka, koma monita imangolemba No Signal kuyambira pachiyambi, ngakhale chizindikiro cha kampani sichioneka. Zinayamba nditaitsegula kuti ndichotse fumbi. Nayonso ili ndi graphics card.

Wokonza makompyuta:
Lanu ndi losiyana, achemwali, chifukwa likuchitika Windows asanayambe n'komwe, choncho za madalaivala tiziike pambali. Choyamba onani kumene mwabaya waya wa monita. Kompyuta yokhala ndi graphics card imakhala ndi mabowo a chithunzi m'malo awiri: ena ali m'mwamba pafupi ndi mabowo a USB, amenewo ndi a motherboard, ndipo ena ali m'munsi mopingasa, amenewo ndi a khadi. Pa makompyuta ambiri, khadi likaikidwa mabowo a motherboard amaleka kutulutsa chithunzi. Ndiponso ma processor (ubongo wa kompyuta) ena alibiretu gawo la zithunzi m'kati mwake, monga a Intel amene nambala yake imathera ndi F, ndi a AMD Ryzen ambiri amene anatuluka mndandanda wa 7000 usanabwere ngati alibe G kumapeto, moti pa amenewo mabowo a motherboard sagwira ntchito ngakhale mutachotsa khadi. Onaninso kuti monita yasankha bowo loyenera pa batani lake la Input kapena Source.

Ngati zonsezo zili m'malo, zimitsani kompyuta, zulani waya wa magetsi kukhoma, dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti mphamvu yotsalira ithe, ndipo gwirani chitsulo cha bokosi musanakhudze zam'kati. Chotsani RAM (timitengo ta memori ta pa motherboard) n'kuibwezera mokankha mpaka timano ta m'mbali titatseka tokha. RAM imene yasuntha pang'ono pochotsa fumbi ndiyo imayambitsa kawirikawiri zimene mwafotokozazi. Ngati muli ndi timitengo ta RAM tiwiri, yesani kamodzi kokha, kenako kanzake. Chitaninso chimodzimodzi ndi khadi, ndipo muonetsetse kuti waya wake wa magetsi, ngati ulipo, walowa bwino. Motherboard zina zili ndi tinyale tolembedwa CPU, DRAM, VGA ndi BOOT, ndipo kamene katsala koyaka kamakuuzani pamene kompyuta yaimira. Zina zimalira kuti bii bii ngati zili ndi kasipika kakang'ono, koma tanthauzo la kaliridweko limasiyana malinga ndi amene anapanga BIOS, choncho muone m'buku la motherboard yanu m'malo mongotengera zimene wina wanena. Zikakanikabe, chotsani batire lozungulira la CR2032 kwa mphindi zingapo kuti makonzedwe a BIOS abwerere mwakale. Chinthu chimodzi chokha musachitsegule, ndicho power supply, chifukwa m'kati mwake mumatsala magetsi oopsa ngakhale itazulidwa.

Membala watsopano:
Waya unali pamalo oyenera, koma kamtengo kamodzi ka RAM kanali kotukuka mbali imodzi. Nditakakankha mpaka kulira kuti thi, kompyuta yayaka. Zikomo bambo. Chotsala n'chakuti chithunzi chikuoneka chapepo paliponse, ngakhale pamene payenera kukhala poyera. Ine ndimagwiritsabe ntchito VGA.

Mphunzitsi wa zamakompyuta:
Chimenecho chikukhudza zimene ndinanena zija za VGA. Pa mapini 15 a waya umenewu, pini yoyamba imanyamula mtundu wofiira, yachiwiri wobiriwira ndipo yachitatu wabuluu. Wobiriwira ukasowa, wofiira ndi wabuluu zimatsala ndipo chithunzi chimaoneka chapepo. Wabuluu ukasowa chimaoneka chachikasu, ndipo wofiira ukasowa chimaoneka chobiriwira mopita ku buluu. Zulani wayawo, yang'anani ngati pali pini yopindika kapena yolowa m'kati, ndipo mukaubwezera mumange tizomangira take tiwiri mofanana. Pini yopindika pang'ono imatheka kuiwongola mosamala, koma ikathyoka palibe kuchitira mwina, pafunika waya wina.

Woyang'anira gulu:
Tikuthokoza chifukwa cha mayankho ofatsa. Ndikupempha kuti amene ali ndi vuto lina atsegule nkhani yakeyake, kuti ofuna kudzawerenga m'tsogolo asasokonezeke. Tibwerere kwa mwini funso loyamba. Achimwene, mwayesa waya uja?

Wofunsa:
Ndayesa. Nditagwedeza mutu wa waya kumbuyo kwa kompyuta, sikirini inada nthawi yomweyo, ndipo zimabwereza nthawi iliyonse ndikaukhudza. Mutuwo unalidi wosalowa mokwanira chifukwa pulasitiki yake ndi yonenepa ndipo imagunda chitsulo cha bokosi. Ndabwereka waya wina wa mutu wochepa, walowa mpaka kumapeto, ndipo kuyambira pamenepo chithunzi sichinasowenso ngakhale ndiugwedeze. Koma nditangosintha waya, zilembo zayamba kuoneka zosalongosoka m'mphepete ndipo m'mbali mwa sikirini mwatsala mzere wakuda kuzungulira.

Wokonza makompyuta:
Ndiye kuti khadi lanu ndi labwino. Zatsalazo ndi za makonzedwe chabe. Monita iliyonse imauza kompyuta kukula kwa chithunzi kumene imakwanitsa kudzera mu uthenga wotchedwa EDID, ndipo pamene kulumikizana kunali kodukaduka n'kutheka kuti Windows anasankha kukula kosayenera. Pitani pa Settings, System, Display, ndipo pa Display resolution musankhe pamene palembedwa Recommended. Pa Advanced display settings onani kuti refresh rate (kuchuluka kwa maulendo amene chithunzi chimajambulidwanso pa sekondi) ili pa mlingo umene monita yanu imakwanitsa, umene pa mamonita wamba umakhala 60 Hz. Ngati mzere wakuda ukhalapobe, yang'anani za scaling mu pulogalamu ya khadi lanu, kapena za aspect ratio pa mabatani a monita, chifukwa zipangizo zina zikaona HDMI zimayesa kuti zalumikizidwa ku wailesi yakanema ndipo zimachepetsa chithunzi pang'ono.

Ndichenjezeko pa nkhani ya refresh rate. Mukasankha mlingo woposa mphamvu ya monita, imada n'kulemba Out of Range kapena mawu ofanana nawo. Zikatero musadine kalikonse, dikirani masekondi pafupifupi 15 ndipo Windows adzabwerera yekha pa makonzedwe akale. Ndi bwinonso kudziwa kuti kudina pamodzi mabatani a Windows, Ctrl, Shift ndi B kumadzutsa dalaivala wa zithunzi popanda kuzimitsa kompyuta, ndipo Windows ndi P kumathandiza pamene chithunzi chatumizidwa ku sikirini yachiwiri imene kulibe.

Wojambula mawu:
Tisaiwale bowo la mahedifoni la kutsogolo lija. Mabowo a kutsogolo sali pa motherboard, amalumikizidwa ndi kawaya kochokera kubokosi kokhala ndi mutu wolembedwa HD AUDIO. Malo ake pa motherboard amalembedwa AAFP, F_AUDIO kapena JAUD1 malinga ndi kampani, ndipo kawirikawiri amakhala pakona ya m'munsi chakumbuyo, kufupi ndi pamene graphics card imakhala, moti n'zosavuta kukakoka mosadziwa poika khadi. Mutuwo uli ndi kabowo kamodzi kotseka kogwirizana ndi pini imene palibe, choncho umalowa mbali imodzi yokha ndipo suyenera kukakamizidwa. Umafanana ndi wa USB wa kutsogolo, koma pini yosowayo ili pamalo osiyana. Mabokosi akale amakhala ndi mitu iwiri pa kawaya komweko, wina wolembedwa AC'97, umene ndi muyezo wakale wa 1997 womwe Intel inaulowetsa m'malo ndi High Definition Audio mu 2004. Pa motherboard ya masiku ano gwiritsani ntchito wa HD AUDIO, chifukwa ndi umene umathandiza kompyuta kuzindikira kuti mahedifoni abayidwa.

Wofunsa:
Resolution inali pa 1680 x 1050 m'malo mwa 1920 x 1080, ndipo nditaikonza zilembo zawala ndipo mzere wakuda wachoka. Kawaya ka HD AUDIO ndakapeza kakulendewera pansi pa khadi, ndakabwezera ndipo mahedifoni akugwira ntchito. Chimene ndangozindikira tsopano n'chakuti m'mahedifonimo mukumveka kaphokoso kopyapyala kamene kamasintha ndikasuntha mbewa kapena vidiyo ikamakonzedwa, pomwe ndikawabaya kumbuyo kaphokosoko kulibe.

Wojambula mawu:
Kameneko ndi kaphokoso ka magetsi a m'kati mwa bokosi. Kawaya ka kutsogolo kamanyamula mawu ofooka, ndipo pa mabokosi ambiri n'kosatetezedwa mokwanira, choncho kakadutsa mokhudzana ndi graphics card kapena ndi mawaya a power supply kamatola phokoso lawo. Kadutsitseni kumbuyo kwa chitsulo chimene motherboard yamangidwapo, kutali ndi khadi momwe mungathere. Pa tsamba la mmsys.cpl lija, tsegulani Properties ya Speakers, ndipo ngati pa Levels pakuoneka Microphone kapena Line In, zitsekeni, chifukwa nazonso zimalowetsa phokoso ngakhale palibe chobayidwa. Ngati kaphokoso kachepa koma sikanatheretu, gwiritsani ntchito bowo la kumbuyo ndi waya wowonjezera, kapena kachipangizo ka mawu kobaya pa USB, kamene kamasandutsa manambala kukhala mawu kunja kwa bokosi. Pa ntchito yanu yokonza mavidiyo ine ndingasankhe ka USB, chifukwa mufunika kusiyanitsa phokoso limene lili mu vidiyo ndi limene likuchokera mu kompyuta. Mukasuntha kawayako mutiuze ngati kaphokoso kakusinthabe ndi mbewa.